Uthenga Wochokera M'chipinda cha Lubuto

1

Foni inalira ndili pamakwerero, ndikupachika makatani m'shopu yanga ku Kabwata. Anali ba Mpundu, ahedi a sukulu ya mwana wanga.

"Bana Lubuto, bwelani manje manje. Osatuma munthu."

"Wavulala kodi?"

"Bwelani chabe."

Dzina langa ndine Eness. Makolo anga ndi a ku Katete, koma ine ndinakulira ku Libala. Ndinakwatiwa ndi Wilbroad, Mbemba wa ku Kasama, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Lubuto. N'chifukwa chake mwa Chibemba amanditcha bana Lubuto, bambo ake bashi Lubuto. Chaka chimenecho mwanayo anali mu Giredi 11. Anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, woti akabwera kusukulu n'kudya, amalowa kuchipinda, n'kuvala zomvera m'makutu, n'kuyamba magemu ake owomberana mfuti.

Ndinamupeza mu ofesi ya ahedi atakhala pakona, chikwama chili pamiyendo. Sanandiyang'ane.

Ba Mpundu anandikankhira foni patebulo. Inali ya mayi wa Kangwa, mnzake wa Lubuto. Mkulu wake wa Kangwa, amene amasewera gemu yomweyo pa intaneti, anali atajambula uthenga umene unalembedwa pamalo pamene osewera amachezerapo. Pamwamba pake panali dzina limene Lubuto ankagwiritsa ntchito m'gemumo. Unali m'Chingerezi, koma unkanena izi: "Lachisanu la sabata yamawa ndikubwera. Ndiyamba ndi wa pageti. Kenako ndikwera m'mwamba, chitseko ndi chitseko. Onse amene ankandiseka adzandiona."

Ndinauwerenga kawiri. Ndinayang'ana chithunzi chonsecho mpaka m'mphepete mwake. Kenako ndinabweza foniyo mofulumira ngati yotentha.

Mwezi womwewo pa TV panali nkhani ya mnyamata wa kunja amene analowa m'sukulu ndi mfuti n'kupha ana anzake. Tonse tinaiona nkhaniyo. Makolo ankatumizirana m'mafoni, aliyense akuti ndi magemu.

"Lubuto, ndiwe unalemba ivi?" anafunsa ba Mpundu.

Mwana wanga anandiyang'ana ine koyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinangoti chete.

"Dzina ni langa, sa," anatero.

"Panyumba pali mfuti?"

"Ilipo ya bambo ake," ndinayankha. "Ili ndi mapepala, imakhala yokhomera."

Ba Mpundu anapumira m'mwamba. Anati sadzaitana apolisi ngati titamutengera kwa dokotala wa matenda a maganizo, koma asapondenso pasukulupo mpaka dokotalayo atanena.

2

Nyumba yathu ili ku Woodlands. Mpanda wautali, waya wa magetsi pamwamba, geti lachitsulo lopanda pooneka. Tinaimanga choncho akuba atatilowera zaka za m'mbuyomo, ndipo ndi nthawi yomweyo imene Wilbroad anagula mfuti. Munthu ukhoza kukuwa m'kati muja, oyandikana nawo n'kumaganiza kuti ndi TV.

Wilbroad anagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina ya inshuwalansi m'tauni. Chaka chapitacho anamuchotsa, ati akuchepetsa antchito, koma pampando wake anaikapo mnyamata amene iye yemwe anamuphunzitsa ntchito. Kutchalitchi ndinkauza anthu kuti mwamuna wanga tsopano akugwirira kunyumba. Ndinanena zimenezi kambirimbiri mpaka nanenso ndinayamba kuzikhulupirira.

Titafika, tinamupeza pabalaza, makatani onse otseka, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera maso ali pansi, akupotokola mphete pachala.

"Bashi Lubuto, simulankhula?"

"Ma gemu aya yamuononga mutu mwana," anatero ndi mawu otsika.

"Ndiye mawa ndikagulitsa chimakina cha magemu chimenechi. Kapena ndichiphwanye ndi mwala."

"Iyai!" Anadzuka mwamsanga mpaka ndinadzidzimuka. Kenako anadzibweza. "Osagulitsa. Nizachisunga ine mu stade. Nizakhoma." Stade ndi kachipinda kake kowerengera.

Lubuto anaima pakhomo la khitchini akutimva. Anapita yekha kuchipinda kwake, n'kuzula mawaya, n'kubweretsa makinawo ndi zomvera m'makutu zomwe. Anazipereka m'manja mwa bambo ake. Bambo akewo sanathe kumuyang'ana kumaso.

3

Nkhani sinachedwe kufala. Pofika Lamlungu, gulu la makolo la pa foni linali litaika chithunzi chija. Mtsikana wathu wantchito anapita kwawo ku Bauleni osabweranso. Kutchalitchi, amayi amene ndimakhala nawo benchi limodzi anasuntha zikwama zawo kuti ana awo akhale mbali inayo.

Mlamu wanga Bernadette, mlongo wake wamkulu wa Wilbroad, anabwera kuchokera ku Chelstone ndi kolona m'manja ndi botolo la madzi odalitsidwa.

"Shani, mulamu? Mwana ali kuti?"

Anawaza madzi m'chipinda cha Lubuto, pabedi, pamabuku, ngakhale pansapato. Lubuto anangokhala pansi atatsamira khoma, madzi akumudonthera pamphumi.

"Ine ninakamba kudala," anatero Bernadette tili m'khitchini. "Mwana tsiku lonse apaya bantu pa TV, muganiza mutima uzankala bwanji? Nanga uyu mulongosi wanga, chifukwa chani waonda so? Maso yofiira monga sagona."

"Nkhawa za mwanayu," ndinatero.

Lachitatu ndinapita naye Lubuto kwa dokotala ku Northmead. Anali mayi wachikulire, wolankhula modekha. Anacheza naye okha kwa nthawi yaitali, kenako anandiitana ine, mwana atatuluka.

"Amayi, ndikuuzeni zimene ndaona," anatero. "Ana ambiri mu Lusaka muno amasewera magemu amenewa, ena mopitirira, ndipo amagona mochedwa, sukulu n'kuvuta. Koma gemu payokha simutuma munthu kukapha anzake. Ndipo odwala maganizo ambiri amene ndimawaona savulaza aliyense, amavutika okha. Ndikamaopa, ndimayang'ana munthu amene wadzipatula, amene ali ndi mkwiyo wosunga, amene wasiya kugona, ndipo mfuti ili pafupi. Mwana wanuyu sindikumuona choncho."

"Ndiye ali bwino?"

"Ali ndi mantha. Wandifunsa kawiri ngati munthu wamkulu angathe kugonekedwa m'chipatala iye asakufuna. Amayi, akuopa ndani kunyumba?"

"Palibe, adokotala. Timakhala bwinobwino."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Mfutiyo muichotse m'nyumbamo lero. Musadikire mawa."

Ndinavomera. Titafika kunyumba, ndinamuuza Wilbroad. Anati kiyi wa bokosi la mfuti wasokonekera, amufunafuna.

4

Lachinayi madzulo, ndikutenga bulangeti pamwamba pa wadiropu, dzanja langa linagunda bokosi lija. Chivindikiro chinatseguka chokha. M'kati munali kansalu kachikasu kopukutira basi.

Ndinakhala pabedi. Kuchokera mu stade, kuseri kwa chitseko chokhoma, ndinkamva timaphokoso tating'ono ta zala zikudina mabatani, mofulumira, mosalekeza. Ndinali nditatimva masiku onsewo. Ndinali nditatimva miyezi yambiri.

Koma sindinapite ku stade. Ndinapita kuchipinda kwa mwana wanga.

Ndinatembenuza matiresi. Ndinakhuthula madirowa, ndinagwedeza nsapato, ndinafufuza m'chikwama cha sukulu. Iye anaima pawindo, kuseri kwa zitsulo zotchinga akuba, manja ali m'thumba.

"Ili kuti?"

"Mami, mufuna chani?"

"Mfuti ya bambo ako. Ili kuti?"

Nkhope yake inasintha. "Mulibe mu bokosi?"

"Usandipusitse, Lubuto!"

"Mami, mwafunsa ba dadi?"

Ndinamumenya mbama. Chibadwire chake sindinamumenyepo kumaso. Anagwira tsaya, osalira, n'kukhala pamatiresi amene anali pansi.

M'mawa wa Lachisanu ndinadzuka ndi ganizo limodzi: tsikuli lingodutsa. Ndinamuikira tiyi ndi buledi m'chipinda, n'kutuluka, n'kukhoma chitseko chake kunja. Kiyi ndinamuika m'bulauzi. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ana a anthu.

Ndili m'khitchini, Wilbroad anatulukira atameta ndevu, atavala suti yake yabuluu imene sanaivale chaka chathunthu. Inkamukhwepa m'mapewa. M'manja anali ndi chikwama chake cha kuntchito.

"Mukupita kuti, bashi Lubuto?"

"Baniitana ku intavyu mu tauni."

"Simunandiuze."

"Nakuuza manje." Anandigwira paphewa, chinthu chimene anali atasiya kalekale. "Wenze mukazi wabwino, Eness."

Ndinamutsegulira geti ndi manja angawa. Ndinaimirira mpaka galimoto itakhota, n'kutsekanso.

5

Ndisanafike n'komwe pakhonde, ndinamva chitseko cha Lubuto chikugundidwa ngati chithyoka.

"Mami! Iyo motoka yachoka ni ya ba dadi? Mami, segulani!"

"Khala chete. Utuluka madzulo."

"Bavala chani? Banyamula chola?"

Ndinalowa n'kuima kunja kwa chitseko chake.

"Mami, si ku sukulu! Sukulu yathu ilibe masitepe, bazakwela kuti? Ni ku ofesi kwao! Imwe muziba. Munaona pa foni ija. Ninakuonani, munayang'ana pa nthawi."

Apa ndiyenera kukuuzani chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Tsiku lija mu ofesi ya ba Mpundu, m'mphepete mwa chithunzi chija munali tizilembo tating'ono tosonyeza tsiku ndi nthawi imene uthengawo unalembedwa. Linali Lachiwiri, m'mawa, nthawi ya makalasi. Lachiwiri limenelo ndinamusiya ndekha Lubuto pageti la sukulu, akukalemba mayeso a masamu. Ahedi sanazione, mantha anawaphimba m'maso. Ine ndinaziona. Ndipo ndinadziwa kuti masana m'nyumba mwathu mumatsala munthu mmodzi yekha amene angagwire makina aja.

Ndinkadziwa kuti ine ndi mwana tikangotuluka, Wilbroad amalowa kuchipinda kwa Lubuto n'kuyatsa makina aja. Ndinkapeza mbale za chakudya zosakhudzidwa. Ndinkamumva akulankhula yekha kubafa, akutchula mayina a anzake a kuntchito ngati ali naye momwemo. Tsiku lina anandiuza kuti bwana wake wakale watuma anthu kuti azimutsatira, ndipo ine ndinaseka n'kumuuza kuti amwe panado.

Mu ofesi muja ndinayeza zinthu ziwiri mumtima. Mwana wa sukulu akalemba zopusa, anthu amati ndi ubwana, ndi magemu, amupempherera ndipo pakapita chaka aiwala. Koma bambo wa zaka makumi asanu, mkulu wa bungwe la abambo kutchalitchi, wa mfuti m'nyumba? Ameneyo ndi wa apolisi, wa m'manyuzipepala, ndipo ine ndidzakhala mkazi wa wamisala wa ku Woodlands mpaka kufa. Ndinasankha. Mwana wanga anandiyang'ana kudikira kuti ndimuwombole, ndipo ine ndinamusiya asenze.

Nditayamba bodzalo, linanditsekera m'kati. Tsiku lililonse kunena zoona kunkalemera kuposa dzulo lake. Pofika Lachinayi lija ndinkafufuzadi m'chipinda cha Lubuto ndi mtima wonse, ndikupemphera kuti mfutiyo ndiipeze mmenemo.

Ndinatulutsa kiyi. Ndinatsegula chitseko.

6

Tinathamanga mpaka kumsewu waukulu n'kuimitsa takisi. Foni ya Wilbroad inali yozima. Ndinaimbira Bernadette.

"Mulamu, pitani ku ofesi yakale ya achimwene anu. Uthenga uja sanalembe mwana."

Ndinangomva akuitana Mulungu m'Chibemba, "Mwe Lesa," foni n'kuduka.

Pa Independence Avenue magalimoto anali ndondondo. Maminibasi ankadutsa m'mbali, makondakitala akukuwa, anyamata akugulitsa machaja ndi nthochi pamawindo. Ine ndinkangoyang'ana kutsogolo, kumvetsera ngati kumveke kulira kwa galimoto za apolisi.

"Ninachosa vipolopolo," anatero Lubuto motsitsa mawu, kuti woyendetsa asamve. "Tsiku lamene banan'pitikisa ku sukulu. Kiyi ba dadi bamasunga mu nsapato ya braun. Ninavitaya mu chimbuzi cha kuseli."

"Zonse?"

"Vamene ninapeza mu bokosi. Siniziba ngati bali na vinangu."

"Bwanji sunandiuze?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Tsaya linali likadali lotupa. "Nikuuzeni chani chamene simunazibe?"

Tinatsika takisi isanafike, n'kuthamanga wapansi pakati pa ogulitsa m'mbali mwa Cairo Road. Nyumba yosanja ya kampani ija inali pomwepo, anthu akulowa ndi kutuluka ngati tsiku lina lililonse, mtsikana wina atanyamula makapu a tiyi pathireyi. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, panali galimoto yathu.

Wilbroad anali m'kati, mawindo otseka, thukuta likuyenderera m'khosi. Jekete anali atalivula n'kuliyala pamiyendo. Dzanja lake lamanja linali pansi pa jeketelo.

Lubuto ndiye anazungulira, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo, n'kukhala pambali pa bambo ake ngati akupita kusukulu. Ndinalowa kumbuyo.

"Dadi."

Wilbroad sanatembenuke. "Bali pa windo apo. Baseka. Mubamvela?"

"Sinibamvela, dadi."

"Mu ma hedifoni bamakamba na ine. Bamati ndine wakutha. Nikabapaya mu gemu, mailo babwela futi. Ninafika pa geti. Ninafika, na chola. Manje mudala uja wa pa geti ananyamuka, anachosa chisote. Ati, ba bosi, mwabwela? Tinakuyewani. Ati mwana wanu uja mutali ali bwanji? Ninaiwala kuti wa pa geti ni yeve."

"Nipaseni, dadi."

"Ninalemba pa dzina lako."

"Niziba. Nipaseni."

Mwana wanga analowetsa dzanja pansi pa jekete pang'onopang'ono. Ndinatseka maso. Nditatsegula, mfuti inali m'manja mwa Lubuto, ataikulunga m'jekete lomwelo, ndipo mwamuna wanga anali atagwetsa mutu pachiwongolero akulira ngati mwana.

Pambuyo pake apolisi atatsegula mfutiyo, anapezamo chipolopolo chimodzi. Chinali m'kati mwenimweni, mmene Lubuto sankadziwa kuyang'ana. Wilbroad mpaka lero sananene kuti chinali cha ndani.

7

Bernadette anatipeza tikadali m'galimoto. Ndiye anayendetsa mpaka kuchipatala cha odwala maganizo. Wilbroad atalowa naye anamwino, anandikokera pambali.

"Ine ninathila mwana manzi odalisika monga ali na chibanda, iwe uli pamenepo uyang'ana. Eness, unabala iwe uyu mwana?"



Mfuti tinakaipereka kupolisi tsiku lomwelo, ndipo ndinafotokoza zonse. Lolemba ndinapita kwa ba Mpundu, n'kuwaonetsa tizilembo tija. Anavula magalasi n'kugwira kumaso. Anati Lubuto abwerere mawa lomwe, ndipo adzalankhula ndi makolo onse. Koma Lubuto anakana. Anati sangakhale m'kalasi ndi anthu amene anakhulupirira kuti angawaphe.

Anakananso kubwerera ku Woodlands. Analongedza zovala n'kupita kwa azakhali ake, Bernadette, ku Chelstone, ndipo anamaliza sukulu kumeneko.

Wilbroad anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Madokotala anati matendawo anayamba kale, asanagwire n'komwe makina aja. Gemu inangokhala kobisala, ndipo kusagona kunawakulitsa. Lero akumwa mankhwala. Amandithandiza kuyeza mawindo a makasitomala, ndipo masiku ena amaseka. Anapepesa kwa mwana wake, ndipo mwanayo anamukhululukira msanga, chifukwa anati bambo ake ankadwala. Ine sindinkadwala.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwiya nane, ndipo simukulakwa. Sindikulemba kuti mundimvere chisoni.

Ndimamva anthu m'minibasi ndi kutchalitchi akukangana za magemu amenewa, ena akuti ndi amene akupenga nawo ana, ena akuti ayi. Ine si dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwathu makina aja anali chinthu chosavuta kuchiloza. Tonse tinachiloza, ahedi, mlamu wanga, makolo a pa foni, ine patsogolo, chifukwa kuloza chinthu cha mawaya sikuchititsa manyazi. Kunena kuti mwamuna wanga wasiya kugona, akulankhula ndi anthu osaoneka, ndipo pamwamba pa wadiropu pali mfuti, kumeneko ndiye kunandikanika. Kukanika kwangako kukanatha kuphetsa mdala wa pageti, mtsikana wa makapu a tiyi, kapena bambo wa mwana wanga.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene wasintha, amene watseka makatani ndipo simukumuzindikiranso, musadikire kuti anthu akunja ayambe kuona. Pitani naye kuchipatala anthu akuseka choncho. Ndipo mwana wanu akakuyang'anani pamaso pa anthu kudikira kuti munene zoona, nenani pomwepo, chifukwa mawa lake pakamwa pamalemera.

Lubuto tsopano ali kukoleji, amaphunzira za makompyuta, ndipo amakhalabe ku Chelstone. Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndimakwera minibasi kupita kumeneko. Amandilonjera mwaulemu, amandifunsa za shopu, amandithirira tiyi ngati mlendo. Za kubwerera kunyumba sindimufunsa.

Sabata yatha, ndikutsanzika, anavala nsapato n'kundiperekeza mpaka pasiteji. Nditakwera, ndinasuzumira pawindo poganiza kuti wabwerera kale. Anali ataimabe pomwepo, manja m'thumba, mpaka basi inadzaza n'kunyamuka.